A Sibale amabwera ndi mvula

Lachiwiri lapitali ndinalonjeredwa ndi munthu amene tinamuika m'manda chaka chatha.

Musathamangire kutseka nyuzipepala. Sindinamwe kanthu, ndipo sanali maloto. Unali m'mawa, cha m'ma teni koloko, m'kasitolo kotayipira makalata ku Misuku, ine nditakhala pampando wapulasitiki, nsapato zili matope okhaokha.

Ndiyambe poyambira.

Amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ndine mphunzitsi wopuma, wakwathu ku Ntcheu koma wokalambira kuno ku Chitipa. Chimene mwina simudziwa n'chakuti kuno amanditenganso ngati dotolo wa makompyuta. Udotolo wake unayamba motere: sukulu yathu italandira makompyuta akale kwa anthu akufuna kwabwino, ahedi anandipatsa ine kiyi wa chipindacho chifukwa ndinkavala magalasi. Digiri yanga ndi imeneyo basi. Komabe zaka zambiri zomasula ndi kumanga mabokosi amenewa zinandiphunzitsako kenakake.

Ndiye Lolemba madzulo foni inalira. Anali mayi Nalungwe, mkazi wa malemu a Sibale, mnzanga amene tinaphunzitsa sukulu imodzi zaka zambirimbiri asanabwerere kwawo ku Misuku kukatsegula kasitoloko. A Sibale anatisiya dzinja latha, njinga yamoto itawaterera pamtsetse mvula ikugwa.

"Asambizgi," anatero mayiwo, ndiko kunena kuti aphunzitsi, "mubwere mawa m'mawa. Kuno mvula yagwa yamphamvu chomene, ndi mabingu. Mawa abwera."

"Abwera ndani, amama?"

"Anzanu aja."

Iwo anapitiriza. Anati kompyuta ya m'sitolo masiku ambiri imayaka bwinobwino, koma masiku ena imakana, kenako n'kulankhula ndi mawu a malemu. Anati alamu awo, a Yotamu, achimwene awo a malemu, alamula kuti Lachisanu ipite ku Karonga akaifufute zonse. Ndipo m'katimo muli nyimbo za kutchalitchi zimene a Sibale anakhala akumasulira m'Chisukwa kwa zaka, zosasindikizidwa paliponse. Mulinso mawu awo aja. Kwina kulikonse kulibe.

Inuyo mukadatani? Ine ndinalawirira pa njinga yamoto, mtima uli m'mwamba pamtsetse uliwonse.

Ndinapeza Misuku ili mu nkhungu. Mitengo ya khofi inkangooneka ngati anthu oimirira pamaliro. Kasitoloko kanali kotsegula koma kopanda kasitomala ndi mmodzi yemwe, ndipo ndinaona amayi awiri akudutsa cha kutsidya kwa msewu, dala, ngakhale kuti kumeneko ndiye kunali chithaphwi.

A Yotamu anali atafika kale. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wamtali, wa jekete lakuda, wosaseka wamba. Tinapatsana moni. Mayi Nalungwe anachotsa chitenje chimene anafunditsa kompyuta, anawerama kuseri kwa tebulo, analowetsa pulagi m'soketi, n'kubwerera m'mbuyo mapazi awiri.

"Yatsani ndinu," anandiuza.

Ndikufotokozereni kaye za kompyuta imeneyi, kuti tiyendere limodzi. M'mimba mwake muli madisiki awiri, tinene kuti nkhokwe ziwiri, iliyonse ndi kayendetsedwe kakekake. Yakale ndi imene a Sibale ankagwiritsa ntchito kuyambira kale. Yatsopano anaiwonjezera pambuyo pake chifukwa mafulashi a makasitomala ankabweretsa mavairasi, ndiye anafuna mbali ina yolimba ya ntchito za m'sitolo. Ukayatsa tsiku labwino, pagalasi pamabwera mizere iwiri, ngati makomo awiri. Ukapanda kukhudza kanthu imalowa yokha khomo lapamwamba, la sitolo. Khomo lam'munsi, la a Sibale, mayiwo sanaligogodepo chimwalirire amuna awo.

Ndinadina batani.

Inalira kawiri, piii, piii. Galasi linali bii, kenako panatuluka timawu toyera ta Chingelezi tonena kuti nthawi ndi tsiku sizikudziwika, dinani apa kuti mupitirize. Ndinadina. Makomo awiri aja sanaoneke. Galasi linathima, linayakanso, ndipo pang'onopang'ono panatuluka chithunzi cha a Sibale ataimirira m'munda wa khofi, chipewa chili m'manja.

Kenako m'masipika munatuluka mawu.

"Mwaghona, Nalungwe."

Ndi moni wa m'mawa wa kuno umenewo. Koma si moniwo umene unandidzidzimutsa. Ndi kakhosomolo kamene kanatsatira, kaja a Sibale ankakhosomola asanayambe kuseka. Ndinakamva kakhosomolo kameneko m'chipinda cha aphunzitsi m'mawa uliwonse kwa zaka, ndipo ndinali nditakaiwala mpaka Lachiwiri.

Ndinene zoona, ndinachita mantha. Pakona ya galasi, wotchi inkaonetsa tsiku la zaka zambiri zapitazo, nthawi imene a Sibale anali wa mphamvu zawo.

Mayi Nalungwe anayankha motsitsa mawu, maso ali pansi. "Mwaghona, adada."

"Mwamva nokha, asambizgi," anatero a Yotamu. "Ine nkhani za mizimu nkhuzikana, ndine wa mpingo. Kweni anthu akuyowoya, miseche ili ponseponse. Akuti alamu angawa anamutsekera m'bokosi mng'ono wanga kuti aziwakokera makasitomala. Akuti ndondocha ya masiku ano. Mukudziwa kumene mawu otere amakathera. Ndibwino ifufutidwe, nkhani ithe."

Musawaweruze msanga a Yotamu. Tonse tikudziwa zimene zimachitikira mayi wamasiye m'dziko muno dzina lake likangomatidwa ku ufiti. Bamboyo sankafuna kulanda kanthu. Ankafuna kuteteza mlamu wake ndi chida chokhacho chimene ankachidziwa.

Mawuwo pawokha sanali chinsinsi. Mayi Nalungwe anandiuza kuti a Sibale anadzijambula okha kalekale, mwanthabwala, n'kuika moniwo kuti uzilira kompyuta ikamayaka, popeza mayiwo ndiwo ankatsegula sitolo m'mawa. Disiki yatsopano itabwera, moniwo unaleka kumveka ndipo onse anauiwala. Funso linali lakuti, n'chifukwa chiyani wabwerera tsopano, mwini wake atapita? Nanga n'chifukwa chiyani masiku ena okha?

Ndinafunsa ngati wina anaionapo. Anandionetsa kapepala komatidwa patebulo. Wokonza wina wa ku Karonga anabwera miyezi yapitayo, anaibwezeretsa m'malo mwake, n'kulemba mabatani oti azidina motsatana vutolo likabweranso. Kapepalako kamagwiradi ntchito. A Sibale akabwera, mayiwo amazimitsa, amatsata kapepalako, ndipo makomo awiri aja amabwerera. Iwo amakutcha kuperekeza mlendo. Wokonzayo anasiyanso mawu akuti zikapitirira, mankhwala ake n'kufomata basi.

Apa mundilole ndiime pang'ono, chifukwa mawu amenewa amandiwawa.

Kodi ndi kangati mwapita ndi foni kapena kompyuta kwa wokonza, iye asanaiyang'ane n'komwe n'kunena kuti, "Bwana, tingoifomata"? Kufomata n'kufufuta zonse, kuyambira pachiyambi. N'zoona kuti nthawi zina kumathandiza. Koma nthawi zambiri ndi ulesi wovala tayi. Kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa chitseko chikulira.

Ndipo vuto limene limatithamangitsira kumeneko nthawi zonse ndi lija lobwera n'kupita. Chinthu chikafa n'kuferatu, timachimvetsa. Timati chatha, tigule china. Koma chikamagwira Lolemba, n'kukana Lachitatu, n'kugwiranso Loweruka, mitu imatizungulira. Mjigo ukamatulutsa madzi masiku ena okha, timayang'ana nyumba ya nkhalamba yoyandikana nawo. Mwana akamakomoka mwa apo ndi apo, timayamba kukumbukira amene tinakangana naye pamaliro. Ndani mwa ife amatenga pensulo n'kulemba kuti zachitika tsiku lakuti, dzulo lake kunali zakuti? Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife nkhonoyo timaiphwanya ndi mwala, kenako n'kumadandaula kuti ilibe maso.

Mayi Nalungwe, mosadziwa, anali atadekha kuposa tonsefe. Pakhoma panali kalendala ziwiri za kutchalitchi, ya chaka chatha ndi ya chaka chino, ndipo masiku ena anali ndi timitanda ta bolopeni.

"Timeneti n'chiyani, amama?"

"Masiku amene anabwera."

Tinayamba kuyenda nato kamodzikamodzi. Kalikonse ndinkafunsa funso lomwelo: dzulo lake kunachitika chiyani? Mvula. Nanga aka? Mvula ya mabingu. Aka? Mvula, ija inagwetsa nthochi za kuseriku.

"Ndiye n'zimene ndikukuuzani," anatero mayiwo. "Anapita ndi mvula, amabwera ndi mvula."

Pamenepo nkhungu inali itafika pakhomo penipeni, ndipo ndivomere kuti mawu amenewo anandilowa. Ndinayang'ana chithunzi cha mnzanga pagalasi, iye akundiyang'ananso. Ndinatsala pang'ono kunyamula chikwama changa. Koma ndinakumbukira kanthu kena kamene ndinaona nditangofika.

"Amama, m'mawa muja munawerama kulowetsa pulagi. Mumazula tsiku lililonse?"

"Yayi. Magetsi athu ndi a sola, usana ndi usiku alipo. Ndimangozimitsa pabatani. Kuzula ndimazula mabingu akayamba."

"Anakuuzani ndani?"

"Iwowo. Ankati Nalungwe, kukagunda usachedwe, zula, mphezi ingatiotchere. Ndiye ndimazula, ndimafunditsa, mpaka m'mawa."

Ndinapempha sikuludilaiva.

M'kati mwa kompyuta iliyonse yotere muli kabatire kakang'ono, kozungulira, konyezimira ngati kandalama kachitsulo. Ntchito yake ndi imodzi: kusunga chikumbumtima cha makinawo pamene magetsi achotsedwa, kuti asaiwale tsiku, nthawi, ndi khomo loyambira. Pulagi ikakhala m'soketi, kabatireko kamapuma, ngakhale katatheratu simungadziwe. Koma mukazula usiku wonse, kuzizira kwa ku Misuku kuja, kabatire kokalamba sikafika m'mawa. Kompyuta imadzuka itaiwala zonse. Ndiye imachita zimene munthu woiwala amachita, imabwerera kumene inayambira. Kumeneko ndi ku disiki yakale, kwa a Sibale.

Ndinafotokoza zimenezi kawiri. A Yotamu anangopukusa mutu. Ndiye ndinati tiyese. Tinaperekeza mlendo motsata kapepala kaja, makomo awiri anabwerera. Kenako ndinazula pulagi, ndinachotsa kabatireko ndi chikhadabo, tinamwa tiyi. Panja mvula kunalibe, dzuwa linali litayamba kuboola nkhungu. Ndinabwezera zonse, ndinayatsa.

Piii, piii.

"Mwaghona, Nalungwe."

A Yotamu anaimirira, anakhalanso pansi. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu wolemera. "Ha! Asambizgi, mwamuitana ndinu? Ndiye miyezi yonseyi tikuopa kabatani ka malaya aka?"

Ndinali ndi kabatire katsopano m'chikwama, chifukwa dotolo wa magalasi sayenda chimanjamanja. Ndinakaika, ndinakonza tsiku ndi nthawi, tinazula, tinadikira, tinayatsa. Makomo awiri anaoneka, kompyuta inalowa ku sitolo mwakachetechete ngati mwana womvera. Nyimbo zija ndinazikopera pa mafulashi awiri, imodzi ndinapatsa a Yotamu. Iwo anati za ku Karonga zatha, ndipo Lamulungu akaonetsa kabatire kakale kaja kumpingo kuti amiseche achite manyazi.

Pokopera ndinatsegulako nyimbo imodzi. Sindidziwa Chisukwa kupitirira moni ndi kuthokoza, ngakhale ndadya nyemba za kuno zaka zonsezi, ndipo zimenezi ndi manyazi anga. Koma ndinakumbukira zimene a Sibale anandiuza titangolowa m'zipani zambiri, pamene anayamba ntchitoyi. Nthawi ya chipani chimodzi pawailesi pankamveka Chichewa ndi Chingelezi basi. Iwo anati, "Iwe wa ku Ntcheu uli ndi mwayi, umalota ndi kulemba mayeso m'chilankhulo chimodzi. Ine ndimadzuka m'Chisukwa, kumsika Chitumbuka, m'kalasi Chichewa chako. Tsopano atimasula, ndikufuna Mulungu andimveko m'chakwathu." Ntchito ya zaka zonsezo ikanapita Lachisanu, m'mphindi zochepa, chifukwa cha kabatire kamodzi.

Ndi zingati zimene tafufuta m'dziko muno mwa njira imeneyi? Ofesi ikasintha bwana, mafayilo akale amakathera kokulungira mandasi. Munthu akamwalira, mabuku ake amayatsira mbaula sabata isanathe. Chilichonse chotikumbutsa zakale pa nthawi imene sitinachiitane timachiona ngati chiwanda. Sitifunsa kuti chabwera bwanji, timangofuna chichoke.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa, ine ndili ngwazi, sikuludilaiva ili m'manja. Koma pali zinthu ziwiri zimene zikundisowetsa mtendere.

Choyamba ndi kamtanda kamodzi. Tikuchotsa makapu, maso anga anagwera pa kalendala ya chaka chatha, mwezi wa Okutobala, nthawi ya dzuwa loswa mtengo. Panali kamtanda kamodzi kokhakokha pamenepo, kamene tinakadumpha.

"Apa kunagwa mvula, amama?"

"Yayi."

"Munazula?"

"Sindinazule."

A Yotamu anayandikira, anayang'anitsitsa tsikulo, kuseka kuja kunazimiririka. "Dzulo lake ndi pamene tinagawana zovala za malemu," anatero.

Ndinafulumira kunena kuti tsiku limenelo panali anthu ambiri, mwina wachibale wina anazula pulagi kuti atchaje foni yake n'kuiwala kubwezera. N'zotheka ndithu. Ndikukhulupirira kuti ndi mmene zinakhalira. Koma mayi Nalungwe anangoti sitolo inali yokiya tsiku lonse, kiyi ali m'khosi mwawo.

Chachiwiri chinachitika ndikutsanzika. A Yotamu anali atatsogola panja. Mayi Nalungwe anaima pafupi ndi kompyuta, dzanja lili pamwamba pake.

"Ndiye sadzabweranso?"

"Alipo, amama, sanapite kulikonse," ndinatero monyadira. Ndinawaonetsa makomo awiri aja. "Mukafuna kuwamva, dinani kamuvi koloza pansi aka, kenako batani lalikululi. Nthawi iliyonse, ngakhale katatu pa tsiku."

Anandiyang'ana ngati mmene ndinkayang'anira mwana wa Fomu 1 amene wayankha funso lina osati limene ndafunsa.

"Asambizgi, kumuitana munthu ndi kwina. Kuti abwere yekha ndi kwinanso."

Miyezi yonseyi anthu ankaganiza kuti mayiyu akuzunzika ndi mantha, ndipo mantha analipodi. Koma mabingu akayamba, iye ankazula pulagi monga anamuuzira mwamuna wake, n'kukagona akudziwa kuti m'mawa wina amupatsa moni.

Anatambasula dzanja. Ndinaganiza kuti akunditsanzika, koma ayi.

"Kabatire kakale kaja mundipatse. Alamu akakaonetsa kumpingo, kabwerere kwa ine."

Ndinakatulutsa m'thumba la malaya. Anakamanga pakona ya chitenje, mfundo ziwiri, n'kukasomeka m'chiuno.

Lachinayi madzulo mitambo inadetsa kumapiri a Misuku, ndipo ngakhale kuno ku Boma tinamva kugunda. Lachisanu m'mawa, tsiku lija kompyuta ikanapita ku Karonga, foni yanga inalira.

"Ndinazula dzulo," anatero mayi Nalungwe. "Ndayatsa tsopano apa."

"Eya, zayenda bwanji?"

"Yayaka bwinobwino. Makasitomala awiri abwera kale."

"Ndiye tithokoze Mulungu, amama."

Ndinkamva madontho akugwera m'chidebe kumbali yawo.

"Sanabwere," anatero. "Ndagha, asambizgi."

Ndagha ndi zikomo. Ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewo kuyambira Lachisanu, ndipo sindikudziwabe ngati anali othokoza. Nyimbo zapulumuka, dzina la mayi wamasiye layera, sitolo yatsegukanso. Ndikanati ndibwerere Lachiwiri lija, ndikanachitanso zomwezo, ndipo inunso musalole munthu kukufufutirani zinthu asanakuuzeni chimene chavuta.

Koma ndiuzeni inu owerenga, poti ine zandikanika. Mnzanga uja tinamuika chaka chatha, mvula ikugwa, ine nditagwira nawo fosholo. Nanga Lachiwiri lija, ndi sikuludilaiva yanga ija, ndinakonza kompyuta kapena ndinamuikanso kachiwiri?